Kusunga makala ndi nkhuni za Juni mwera usanayambe: mmene ine ndimachitira

Msuweni wanga wina anakwatiwa ku Germany, ndiye mu Seputembala 2022 ananditumizira voisi pa WhatsApp akudandaula kuti kwawoko nkhuni zasowa. Ine ndinaseka kaye, ndimati Ulaya yonseyo, magetsi osazima aja, mpaka munthu kumalira nkhuni ngati ali pa Ntagaluka kuno ku Mangochi? Koma atalongosola bwinobwino kuseka kunatha, chifukwa nkhani yake inali yomweyi timaiona kuno chaka ndi chaka, kungoti iwo anali ndi chisanu chopha munthu.

Nyumba yawo amaitenthetsa ndi mapeleti. Kwa amene simunawaone, ndi utuchi wouma umene makina amaupanikiza mwamphamvu mpaka kutuluka timitanda ting'onoting'ono tonenepa mamilimita 6, tikuoneka ngati chakudya cha nsomba za m'madamu chija, ndipo amagulitsa m'matumba a 15 kg kapena galimoto imabwera kudzapopera m'kachipinda kosungiramo. Mbaula yake imadzithira yokha pang'onopang'ono. Ndiye chaka chimenecho Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale, mayiko a European Union analetsa kugula matabwa ndi zamitengo zochokera ku Russia ndi Belarus, mapeleti ambiri amene amachokera kumeneko anasiya kubwera pofika pakati pa chaka. Gasi naye anakwera koopsa, anthu amene amadalira gasi anathamangira ku mbaula za mapeleti, ndipo aliyense atamva mphekesera zoti zisowa anayamba kuoda zochuluka kuposa zimene amafuna. Tani imodzi imene chaka cham'mbuyo imagulidwa pamtengo wosafika ma euro 300 inapitirira ma euro 700. Msuweni wangayo anali atazolowera kuoda mu Okutobala chisanu chikugogoda pakhomo, ndiye anauzidwa kuti adikire masabata, pomwe aneba ake amene anadzaza chipinda chawo mu Epulo ndi Meyi anali phee.

Mwina mukuti Mangochi ndi kotentha, za chisanu zikutikhudza bwanji. Inde pa boma pano mu Okutobala ndi Novembala munthu umagona pakhonde, nyanjayi ili pamalo otsika osafika mamita 500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, sitimaona madzi akuuma n'kukhala ayisi ngati kwa azungu. Koma dikirani Juni afike mwera uyambe kuomba kuchokera kummwera chakummawa, dzukani folokoloko muzikakonzekera ntchito, muone ngati mwana wa sukulu angasambe madzi a m'chigubu osatenthetsa. Ndipo kwerani mapiri a Chowe mukafike ku Namwera kapena Katuli, kumeneko ndiye kumazizira zenizeni, anganga anga kumeneko Juni ndi Julaye yense sachoka pamoto mpaka dzuwa litakwera. Owetera nkhuku nawo akudziwa, anapiye a masiku ochepa opanda mbaula usiku wa Juni umakawapeza ataunjikana pakona atafa. Ndiye makala amatha msanga nthawi imeneyi ngakhale tikuphika nsima yomweyo, chifukwa pawonjezereka madzi osamba, tiyi wa m'mawa ndi madzulo, mbatata yootcha, ndi mbaula ija imakhalabe ikuyaka anthu akucheza ataizungulira.

Choyamba n'kudziwa kalendala yathu. Kuno nyengo zovuta ndi ziwiri. Ina ndi ya mvula, Januwale mpaka Malichi, nkhuni zimakhala zonyowa, misewu ya kumidzi yaonongeka, anyamata a njinga aja ali kumunda, thumba limakwera. Ina ndi iyi ya chisanu. Ndipo mu Juni simukhala nokha pamzere, oumba njerwa ayamba kusaka mitengo ya uvuni, owamba nsomba ndi ofutsa usipa akufuna nkhuni mwera ukangoleka pang'ono nsomba n'kuphedwa, kenako sukulu zikatsekera kukubwera zinamwali, maukwati ndi masadaka, zonsezi zimadya nkhuni ngati njovu. Nthawi yabwino yogula ili pakati pa ziwirizi, kumapeto kwa Epulo ndi mwezi wa Meyi, mvula yatha, misewu yauma, anthu maganizo ali pa kukolola ndipo palibe amene akuganiza za kuzizira. Za mvula zija mumakonzekera mu Seputembala ndi Okutobala kukutentha, aliyense akukuonani ngati mwapenga.

Kenako werengani, ndipo apa ndi pamene ambiri timalephera. Funsani mayi aliyense kuti thumba limakhala masiku angati kwanu, yankho lake ndi lakuti zimatengera. Zimatengera inde, koma yesani. Tengani ndowa ya malita 20 ija, idzazeni makala, muuze aliyense wa m'nyumba kuti azitapa m'menemo basi, lembani pakalendala kapena mu foni tsiku loyamba ndi tsiku limene yatha. Chitani kawiri kapena katatu kuti musanamizidwe ndi sabata imene kunabwera alendo. Kwathu tilipo sikisi, ndowa imodzi masiku wamba imatha masiku anayi, koma mu Juni imatha atatu. Ndiye ndimawerenga Juni masiku 30, Julaye 31, kuphatikiza theka la Ogasiti chifukwa mwera suchoka msanga, zonse pamodzi masiku ngati 75, kugawa ndi 3 zikupereka ndowa 25. Thumba la fifite lokhala ndi mutu wolukidwa uja kwa ine limatulutsa ndowa zinayi, nthawi zina kupitirira pang'ono, ndiye kuti ndikufuna matumba 6 ndi kanthu, ndimangoti 7 kuchitira maliro kapena mlendo wodzakhala mwezi. Manambala anu akhala ena, musakopere anga. Ophikira nkhuni chitani chimodzimodzi ndi mtolo kapena mulu umene mumagula.

Ubwino wowerenga ndi woti simugula mwamantha. Anzathu a ku Germany aja theka la vuto lawo linali mantha, munthu wofuna matani atatu kuoda asanu. Ifenso timatero, tikamva kuti a folesiti agwira makala pa rodibuloko timathamangira kumsika tonse tsiku limodzi, wogulitsa n'kuona nkhope zathu n'kukweza pompo.

Za ndalama ndikudziwa, matumba 7 nthawi imodzi si masewera, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinabwererenso. Sindiika mitengo pano chifukwa pofika sabata ya mawa ikhala yabodza. Ine ndimagawa, awiri kumapeto kwa Epulo malipiro akalowa, atatu mu Meyi, otsalawo Juni asanafike pakati. Amene muli m'chipeleganyu pemphani kuti ulendo wanu ugwere mu Epulo kapena Meyi, a banki nkhonde tengani kangongole kakang'ono nthawi imeneyo, chiwongoladzanja chake n'chochepa poyerekeza ndi kugula timajumbo tsiku lililonse. Kajumbo kaja kamaoneka kotchipa koma kawerengeni mwezi wonse muone, mumakhala mwalipira thumba limodzi kawiri. Ndipo amene achimwene anu ali ku Joni, musadikire Julaye kuti muwaimbire mukulira, auzeni mu Epulo, iwonso nthawi imeneyo amakhala asanayambe kuononga ndalama pa parafini ndi majekete, pajatu chisanu cha Johannesburg chimagwa miyezi yomweyi ndipo n'choopsa kuposa chathu.

Tsopano pali nkhani ya malamulo imene sitimakonda kuikamba. Lamulo la zankhalango linasinthidwa mu 2020 ndipo kuotcha, kunyamula, kugulitsa ngakhale kupezeka ndi makala opanda chiphaso ndi mlandu, zilango zake anazikweza. Ndiye ndikamati sungani matumba angapo sindikunena kuti mukadzaze sitolo ndi makala a m'nkhalango zotetezedwa za Namizimu kapena Phirilongwe. Aliyense wodutsa msewu wa Namwera akuona mmene mapiri aja ayerera, ndipo makala a uvuni wadothi amadya mitengo koopsa, kilo imodzi ya makala imatuluka pa makilo a mitengo ngati 7 mpaka 10. Makala ovomerezeka alipo, monga aja a bulugamu a ku Kawandama Hills ku Viphya, kungoti kuno safika kawirikawiri ndipo akafika satenga nthawi, chimenenso ndi chifukwa china choyambira msanga kufunsafunsa. Ngati muli ndi mitengo yanu ya keshya, gilisidiya, bulugamu kapena nsungwi, kapena mnansi ali nayo, nkhuni zake ndi zopanda mantha, ndipo keshya ukamudula bwino amaphukiranso. Ine chaka chilichonse ndikuyesetsa kuti matumba a makala azichepa, zina zija zizichuluka, ndifika pamenepo.

Posankha thumba musachite manyazi. Zikuluzikulu zokongola zimakhala pamutu, pakati ndi pansi ndi pamene pamabisala fumbi, zinyenyeswa ndi zikuni zosapsa. Ine ndinagulapo thumba kwa mnyamata wina wa njinga m'mawa kusanache bwino, akuti mayi tengani awa ndi a tsanya enieni, kufika kunyumba kukhuthula, theka linali dothi lakuda ndi makungwa. Chiyambire pamenepo ndimanena poyera kuti achimwene ndilipira mukakhuthula pa lona, wokana ndimamusiya apite. Gwedezani thumba, makala ouma bwino amalira ngati timabotolo tosweka, onyowa amangoti phwa phwa. Thyolani limodzi, mkati mukhale mwakuda monyezimira paliponse, mukaona pakati pofiirira ndiye kuti silinapse, lidzakufukirani utsi m'maso. Thumba lolemera kwambiri musalisangalalire msanga, nthawi zina ndi madzi kapena mchenga.

Nkhuni nazo zili ndi nkhani yake. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo kuti uyake bwino madziwo ayenera kutsika kufika pa 20 peresenti kapena kuchepera. Mukauika pamoto uli wauwisi, moto umayamba kaye kuphika madzi a m'kati mwake, ndi aja mumawaona akutuluka thovu kumapeto kwa chikuni, mphika wanu ukungodikira ndipo inu mukukhosomola. Ndiye kudula kapena kugula mu Epulo kuli ndi phindu lina, zimapeza nthawi youma. Ziwazeni zikadali zaziwisi, zimawazika mosavuta komanso zimauma msanga kuposa chipika chathunthu. Kuti mudziwe kuti zauma, menyanitsani ziwiri, zouma zimalira mokweza, kumapeto kumakhala ming'alu ndipo makungwa amasupuka okha.

Kasungidwe ndi kamene kamaononga anthu ambiri amene anachita bwino pogula. Pansi ndi mdani. Yalani njerwa kapena miyala, pamwamba pake mitengo iwiri itatu, kenako matumba kapena nkhuni, kuti mphepo izidutsa pansi ndipo chiswe muzichiona chisanakwere. Musagundike kukhoma, siyani mpata wolowa dzanja. Pamwamba ikani lata lakale kapena pepala la pulasitiki koma m'mbali musatseke, mukakulunga zonse ngati mtembo chinyezi chimatsekeredwa m'kati, nkhuni n'kuchita nkhungu. Kuwaza phulusa pansi kumathandizako pa chiswe, koma chachikulu n'kumasuntha ndi kuyang'ana sabata iliyonse. Amene muli m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, mukukumbuka 2024 madzi atakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndiye thandala lanu likhale lokwera ndithu, osati njerwa imodzi. Makala atanyowa amauma mukawayanika padzuwa, koma amanyenyeka ndipo ena amatayika. Mulu wa nkhuni usakhale pafupi ndi khomo la chipinda chogona kapena pamene ana amasewera, njoka ndi zinkhanira zimakonda mmenemo, potola muziyamba mwagogoda ndi ndodo. Ndiponso usakhale pafupi ndi pophikira, mwera ukaulutsa kakhala kamoto kamodzi pa denga la udzu nkhani yatha. Ndipo kwa ife a lendi okhala pa mpanda umodzi mabanja asanu, tinene zoona, makala amayenda okha usiku, ndiye awiri okha akhale poonekera, enawo m'kachipinda kokiya.

Phunziro lalikulu limene ndinatenga kwa msuweni uja ndi loti mbaula yake imadya chinthu chimodzi basi. Mapeleti atasowa sakanathiramo chikuni kapena chitsononkho, makina ake salola. Ife mwayi wathu ndi woti moto wathu sumasankha, ndiye tiyeni tiugwiritse ntchito mwayiwo. Meyi ndi Juni anthu akutonola chimanga, zitsononkho zili mbwee, ena amangoziotcha pa dzala. Tolani, yanikani, longani m'matumba, zimenezi n'zokwana kutenthetsera madzi osamba mwezi wathunthu osakhudza khala ndi limodzi. Mapesi a nandolo amabwera mochedwerapo, cha mu Ogasiti ndi Seputembala akakolola, amenewo sungirani mvula, amayaka bwino kwabasi pa Chitetezo Mbaula ija yadothi. Mbaula imeneyi ngati mulibe gulani, siidula, imafuna tinkhuni tating'ono, kwa anganga mtolo umene pamafuwa umatha masiku awiri pano ukufika atatu, komanso dothi lake limasunga kutentha ndiye moto ukazima mumaothabe. Ingoisamalani poinyamula, ikagwa yasweka.

Utuchi wa kwa akalipentala nawo ndi moto. Tengani chitini chachikulu cha penti, boolani bowo m'mbali chakumunsi, imikani paipi kapena botolo pakati, lowetsani ndodo ina pa bowo lija kuti zikumane, tsindirani utuchi wouma mwamphamvu kuzungulira, kenako zulani paipi ndi ndodo mosamala kuti patsale njira ya mpweya, yatsani pansi ndi kapepala. Chimayaka maola angapo osachikhudza, nyemba zimapsa bwinobwino. Chimenechi n'cha panja, chili ndi utsi poyamba.

Fumbi la pansi pa thumba lija musataye. Ine ndimalisonkhanitsa m'chisaka chaka chonse, likakwana ndimasefa, ndimaphika kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kapu imodzi ya ufa pa makapu ngati 10 a fumbi, kusakaniza mpaka ukafinya m'manja zisamamwazike, kenako kuumba timibulu ngati zitumbuwa kapena kutsindira m'kachitini ka tomato. Kuyanika padzuwa masiku anayi kapena asanu, kuyesa kwake n'kugwetsa kamodzi pansi, kakapanda kusweka kauma. Opanda chinangwa amagwiritsa dothi la pachulu pang'ono, zimagwira koma phulusa limachuluka. Mabuliketi amenewa amachedwa kuyaka ndiye yambitsani ndi makala enieni awiri atatu, koma akagwira amakhalitsa, ndi abwino kwa anapiye usiku.

Gasi ndi magetsi, amene mungakwanitse, zikhale mbali ya pulani koma osati pulani yonse. Tonse tikukumbuka Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti abwerere, nthawi imeneyo ngakhale a mahotipuleti anabwerera ku mbaula ndipo makala anakwera chifukwa cha iwo omwe. Silinda ya gasi dzazitsani mu Meyi, musadikire ithe, gasi amachokera kunja ndiye ndalama zakunja zikavuta naye amasowa. Kwathu gasi ndi wa tiyi wa m'mawa ndi phala la mwana basi, nyemba ndi nsima za gulu sizimufika.

Mbaula za mapeleti zophikira zija zokhala ndi kafani zayamba kuoneka m'mayiko a kuno kwathu, ku Zambia ziliko, ndipo ndi zabwino, moto wake ndi woyera ngati wa gasi. Wina akabwera kudzakutsatsani, musayambe kufunsa mtengo wa mbaula, yambani ndi mapeleti. Funsani kuti amapangidwa kuti, kuno ku Mangochi wogulitsa ndi ndani, ndipo galimoto ikapanda kubwera miyezi iwiri mudzaphikira chani. Ku Rwanda kampani ina imene inagawa mbaula zoterezi kwa mabanja ambiri inatseka mu 2020, ndiye taganizani munthu watsala ndi mbaula yokongola yopanda chothiramo. Funsaninso za batire ya kafani, imatchajidwa ndi sola kapena mpaka magetsi. Ndipo dziwani kuti mapeleti amaopa madzi kuposa china chilichonse, amapangidwa ouma kwambiri, chinyezi chosafika 10 peresenti, akangonyowa amafufuma n'kubwerera kukhala utuchi, kuyanika sikuwabwezeretsa. Ndiye amenewo malo ake ndi m'nyumba, pa thandala, thumba lomanga pakamwa.

Mbali ina ya pulani ndi kuchepetsa moto umene mukufuna. Zambiri mukuzidziwa kale kungoti ulesi. Nyemba viikani usiku, vundikirani mphika, mukamaliza kuphika zimitsani makala otsala powakwirira ndi mchenga kapena kuwatsekera m'chitini, osati kuwathira madzi. Nyemba zikawira bwino mphindi 15 kapena 20 mutha kuchotsa mphika n'kuukulunga m'bulangete lakale m'dengu, pakatha maola atatu anayi mukazipeza zafewa. Madzi osamba madzulo ikani m'chigubu chakuda padzuwa kuyambira m'mawa, dzuwa la Mangochi ngakhale mu Juni limagwira ntchito. Nyumba nayo ioneni, mbali imene mwera umamenya tsekani mipata ya mawindo ndi ya pansi pa chitseko ndi zisaka kapena makatoni, pa simenti yalani mkeka kapena mphasa. Mabulangete, masokosi ndi zipewa za ana gulani pa kaunjika mu Malichi ndi Epulo, pofika Juni mabelo a majuzi amakhala a golide.

Tsopano iyi ndiye ndikupemphani muiwerenge kawiri. Mbaula isagone nanu m'chipinda. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo makala ofiira bwino opanda utsi aja amene timati apsa tsopano tilowetse, akuutulutsabe. Mpweyawu ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, munthu amayamba mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo ngati ali mtulo sadzuka n'komwe kuti adziwe. Chaka chilichonse nthawi ya chisanu timamva za anthu opezeka atafa m'nyumba yotseka mbaula ili pambali, kuno komanso kwa abale athu ku Joni, ndipo kawirikawiri amakhala amene anatseka bwino mipata yonse ija ndanena pamwambapa. Ndiye mvetsani, kutseka mipata n'kwa nyumba yopanda moto m'kati. Otherani pakhonde kapena pabalaza zenera lili lotsekula, nthawi yogona ikakwana mbaula ituluke panja ndipo izimitsidwe. Makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba ndi amene amagwa msanga, omwewonso ndi amene timafuna kuwafunditsa. Kwa iwo tenthetsani njerwa pambali pa moto, ikulungeni m'chitenje chokhuthala, ikani kumapazi, kapena botolo lolimba la madzi ofunda lotsekedwa bwino, losakhudza khungu la mwana. Mukapeza anthu a m'nyumba imodzi onse akudandaula mutu nthawi imodzi mbaula ili m'kati, musati malungo kapena zamatsenga, tsekulani zitseko, atulutseni panja, thamangani nawo kuchipatala ngakhale akuoneka kuti atsitsimuka, ndipo mukawauze adokotala za mbaulayo. Khola la anapiye nalo lisiyireni potulukira mpweya kumtunda, ndipo mnyamata wowayang'anira asagonemo.

Anganga anga nkhani imeneyi tinakangana nayo zaka ziwiri, akuti ife takula tikugona ndi moto m'nyumba sitinafe. Ndinawauza kuti anganga, nyumba yanu yakale inali ya udzu, mphepo imalowa ndi kutuluka paliponse, iyi ndi ya malata ndi mawindo a galasi amene adzukulu anu anakuikirani. Anangoti kaya, koma njerwa ija anailandira, moti pano amaitumiza okha kuti mwana akaiike pamoto ikamakwana seveni.

Chaka chino ndayamba kale, matumba awiri a zitsononkho za chaka chatha akadalipo, keshya wa kuseri kwa nyumba tinamudula ndi kumuwaza, ali pa thandala akuuma, ndipo Loweruka ndikukwera ya ku Namwera kukaona ngati lata la pa mulu wa anganga silinauluke ndi mphepo. Msuweni uja naye anandiimbira sabata yatha, akuti galimoto ya mapeleti yabwera kale kudzapopera matani anayi kunja kukutentha, amuna ake akudandaula kuti ndalama ya holide yapita ku utuchi.